PHUNZIRO LA MWEZI UNO: M'MENE NJANJI INAKWERERA MAPIRI A SHIRE, NDI MTENGO WACE

Mwezi uno phunziro lathu liri la njanji. Ambiri a inu munakwerapo sitima ya pamtunda, kapena munaiona irikudutsa pa Luchenza, pa Balaka kapena pa Salima, ndipo alipo ena amene makolo ao anasenza dothi m'madengu pomanga njanjiyo. Koma kodi munayamba mwafunsa kuti anasankha njira imeneyi ndani, ndipo anaisankhiranji? Nanga ndalama zace zinacokera kuti, ndipo anabweza ngongoleyo ndani? Mafunso amenewa sali a anthu a m'maofesi okha ai. Mudzi uli wonse umene ufuna kumanga ulalo, kulambula mseu kapena kuumba njerwa za sukulu umakomana ndi mafunso omwewa, kungoti pa njanji ndalama zinali zambiri, ndipo colakwa ciri conse cinaoneka poyera. Werengani mofatsa, ndipo ngati muli ndi gulu lowerengera pamodzi mukambirane mafunso amene ali ku mapeto.

CIFUKWA CACE NJANJI INAFUNIKA

Dziko lino linalowa m'manja mwa Angelezi m'caka ca 1891. Masiku amenewo khomo la dziko linali mtsinje. Zombo zocokera ku Ulaya zinali kutula katundu pa Chinde, ku matsiriro a Zambezi, pamene Apwitikizi anabwereka Angelezi kamalo koikapo katundu wao. Kucokera apo sitima zazing'ono za pamadzi zinali kukwera Zambezi, kulowa m'Shire, mpaka kwa Katunga pafupi ndi Chikwawa. Kupitirira apo sizinathe cifukwa ca mathithi a Kapichira ndi ena a kumtunda kwace, omwe aja anatsekereza David Livingstone m'caka ca 1859.

Tsono katundu yense anali kukwera phiri pa mitu ya anthu a mtengatenga. Munthu mmodzi anali kusenza katundu wolemera ngati makilogalamu 25, ndiye kuti tani imodzi yokha inafuna anthu 40. Nthawi ya dzinja anthu anali ku minda yao, ndipo katundu anali kuunjikana pa doko wopanda womnyamula. Azungu olima khofi ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mulanje anadandaula pawiri: mtengo wonyamulira unali waukuru, ndiponso anthu amene iwo anawafuna m'minda anali kutha ndi mtengatenga. M'caka ca 1895 Eugene Sharrer, mwini malo ndi masitolo ambiri, anayambitsa kampani yochedwa Shire Highlands Railway Company. Tizindikire pano kuti oyamba kufuna njanji anali eni minda yaikuru ndi amalonda. Mlimi wa m'mudzi sanafunsidwe, ngakhale kuti pambuyo pace analipirako.

SITIMA SIKWERA PHIRI MONGA MBUZI

Gudumu la citsulo pa njanji ya citsulo limayenda mopepuka pa cidikha, ndico cifukwa cace injini imodzi imakoka ngolo zambiri. Koma pa citunda kusalala komweko kumasanduka bvuto, pakuti magudumu amangoterereka. Cifukwa ca ici, oyeza malo safunsa poyamba kuti njira yaifupi ndi iti, koma amafunsa kuti sitima idzakwera mapazi angati pa mtunda wotani.

Pa njanji ya ku mapiri a Shire, malo okwera koposa anayezedwa kuti sitima ikayenda mapazi 44 ikhale itakwera phazi limodzi. Tiyeni tiwerenge. Mailo imodzi iri ndi mapazi 5,280, ndiyo kilomita imodzi ndi theka ndi kakanthu. Tikagawa 5,280 ndi 44 tipeza 120. Ndiye kuti pa mailo imodzi sitima singakwere kuposa mapazi 120. Tsono Limbe ali pamwamba pa nyanja ya mcere ndi mapazi ngati 3,800, pamene cigwa ca Shire ca kumunsi sicifika ngakhale mapazi 200. Kusiyana kwace ndi mapazi 3,600. Tikagawa 3,600 ndi 120 tipeza 30. Njanji inafunika mailosi 30 ongokwera okha-okha, osapuma pali ponse, ndipo phiri lotere, lokwera mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, kulibe pa dziko lapansi.

Pali cinthu cina cimene ali yense woyendetsa ngolo ya ng'ombe acidziwa. Katundu amene mumaika m'ngolo samayesedwa ndi malo osalala a mseu ai, koma ndi citunda cobvuta koposa cimene ng'ombe ziyenera kukwera. Sitima iri cimodzi-modzi. Citunda cimodzi coipa cimacepetsa ngolo za sitima iri yonse yodutsapo, tsiku ndi tsiku, zaka zonse. Womanga akapulumutsa ndalama pokana kudula citundaco, oyendetsa sitima adzalipira ndalamazo kambiri-mbiri m'nkhuni, m'malasha ndi m'maulendo oonjezera.

Nchito ya oyeza inali ya pansi, yoyenda ndi miyendo m'thengo. Anali kukoka unyolo wa mapazi 66, ndipo maunyolo 80 anali mailo imodzi. Anali kukhoma zikhomo, nalemba kukwera kwa cikhomo ciri conse, napenya pa mitengo ndi pa matanthwe pamene madzi osefukira anafika kale. Pambuyo pace anali kujambula njirayo pa pepala, kuti aone pofunika kudula phiri, pofunika kuundira dothi ndi pofunika ulalo.

MAKOMO AWIRI

Kucokera ku cigwa kunali makomo awiri olowera ku Blantyre. Loyamba linali la ku Chikwawa, kumene kunali kudzera amtengatenga. Njira imeneyi ndi yaifupi, ngati mailosi 30 okha, koma ali yense amene anatsikapo mseu wa ku Chikwawa adziwa kuti phirilo limakwera msinkhu wace wonse m'mailosi ocepa. Munthu angathe, galimoto ingathe, koma sitima ai.

Khomo laciwiri linali la ku Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo umathira m'Shire. Mtsinje ndiwo mphunzitsi wa oyeza malo, cifukwa madzi anayamba kale-kale kufuna njira yotsika pang'ono-pang'ono. Njanji inatsata Ruo kudzera ku Makhanga, Sankhulani, Thekerani ndi Sandama, nisiya Ruo kutsata Thuchila, nifika ku Luchenza, nikwera mpaka pa Limbe, nitsikanso pang'ono kulowa m'Blantyre. Kucokera ku Chiromo ulendowu uli mailosi oposa 80, wokhota-khota m'mbali mwa mapiri, koma kutalikako ndiko kunapatsa sitima mpata wokwera mofatsa. Ubwino wina unali wakuti njirayi inadutsa pakati pa Thyolo ndi Mulanje, kumene pambuyo pace kunacuruka minda ya tiyi.

Koma Ruo si mtsinje wamba. Mwa pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la m'caka ca 1891, mtsinjewu unakhala malire a maiko awiri. Oyeza analibe ufulu wosankha tsidya limene afuna. Anayenera kukhala tsidya lino ngakhale pamene phiri linapanikiza mtsinje. Kumanga pa malire kuli comweco: njira siisankhidwa ndi mapiri okha, koma ndi mapangano a maboma.

Anasankhanso kuti mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri ukhale mapazi 3 ndi mainchesi 6, monga njanji za ku South Africa ndi ku Rhodesia. Njanji yopapatiza imakhota msanga ndipo siifuna kudula phiri kwambiri. Komanso kupapatiza kopitirira kuli ndi mtengo wace. Njanji ya ku Beira inayamba ndi mpata wa mapazi 2 okha pofuna kusunga ndalama, ndipo pofika 1900 anaiyalanso yonse. Pa ici omanga a kuno anaganiza bwino, cifukwa pamene njanji zinakomana ngolo zathu zinatha kuyenda mpaka ku doko.

KUWERENGA MTENGO

Njira itadziwika, pamatsala kuwerenga mtengo. Zinthu zowerengedwa ziri m'magulu asanu.

Coyamba ndi dothi ndi miyala. Masiku amenewo kunalibe makina okumba. Zonse zinali za khasu, piki, fosholo ndi dengu. Mailo ya pa cidikha ndi mailo ya m'mbali mwa phiri ziri ndi kutalika kumodzi, koma mtengo wace umasiyana kutali, maka-maka pakapezeka thanthwe lofuna kuphulitsa.

Caciwiri ndi maulalo. M'phiri khwawa liri lonse, ngakhale louma m'cilimwe, limafuna potulukira madzi. Pa Chiromo panafunika ulalo waukuru wodutsa Shire, wokhala ndi cigawo cotukuka kuti sitima za pamadzi zizipita pansi pace.

Cacitatu ndi zitsulo. Ngakhale zitakhala zopepuka, mailo imodzi imadya matani oposa 60, ndi mitanda yogonekapo pafupi-fupi 2,000. Pa mailosi 113 ndiye matani ngati 7,000 ndi mitanda yoposa 200,000. M'maiko otentha ciswe cimadya mitanda ya mitengo, cifukwa cace njanji zambiri za kuno zinagonekedwa pa mitanda ya citsulo. Zonsezi zinagulidwa ku Ulaya, ndipo citsulo ciri conse cinakwezedwa ndi kutsitsidwa kangapo cisanafike pa malo a nchito. Mtengo wa ku fakitale unali ciyambi cabe.

Cacinai ndi anthu. Kunena zoona, apa ndi pamene owerenga a ku London anali kuphonya kawiri-kawiri. Pa pepala analemba anthu akuti-akuti, miyezi yakuti-yakuti. Koma munthu ali ndi munda wace, ndipo mvula ikagwa amapita kukabzala. Eni minda ya khofi ndi thonje anali kulimbirana anthu omwewo, ndipo kuyambira 1903 a Wenela anayambanso kutenga amuna kunka nao ku migodi ya ku South Africa. Ku cigwa kunali kutentha ndi malungo. Anchito ocokera kutali anafunika cakudya, misasa ndi mankhwala, ndipo izinso ndi ndalama.

Cacisanu ndi cimene anthu ambiri amaiwala: mainjini, ngolo, masiteshoni, matanki a madzi, nyumba za anchito, ndi ciongola-dzanja ca ndalama zobwereka pa zaka zimene njanji isanayambe kupeza kanthu. Nchito ikacedwa caka cimodzi, ngongole imakula caka cimeneco ngakhale sipanayende ngolo ndi imodzi yomwe.

NDALAMA ZINACOKERA KUTI?

Boma la masiku amenewo linalibe ndalama zomangira njanji, ndipo Boma la ku London silinafune kupereka zace. Tsono anapangana kuti kampani imange ndi ndalama zofuna yokha, ndipo Boma liipatse malo: maekala 3,200 pa mailo iri yonse. Pa mailosi 113 malowo anakwana maekala 361,600. Nchito yomanga inapatsidwa kwa British Central Africa Company, imene inalowa m'malo mwa makampani a Sharrer yemweyo. Kulipira ndi malo kumaoneka ngati kosapweteka, popeza palibe ndalama yoturuka m'thumba. Koma tikumbukire kuti malo opatsidwa kwa makampani masiku amenewo kawiri-kawiri anali ndi midzi, ndipo okhalamo anali kugwa m'thangata. Pambuyo pace Boma linaombola malo aja pa masheleni 10 ekala imodzi, ndiwo mapaundi 180,800. Cimene cinaoneka ca ulere cinalipiridwa ndithu.

MTSINJE UNASOKONEZA ZONSE

Poyamba anaganiza kuti njanji iyambire pa Chiromo, pokhulupirira kuti sitima za pamadzi zidzafika pamenepo nthawi zonse. Koma kuyambira zaka za m'ma 1890 madzi a m'Nyanja ya Malawi anali kutsika caka ndi caka, ndipo Shire anacepa nao. M'cilimwe sitima zonyamula zitsulo zinali kutitimira m'mcenga zisanafike pa Chiromo. Motero anasuntha poyambira kunka kumunsi, ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, ndipo anaonjeza mailosi ngati 30 amene sanali m'ciwerengero coyamba.

Nchito inayamba m'caka ca 1903, ndipo sitima yoyamba inalowa m'Blantyre m'caka ca 1908. Mailosi 113 anatenga zaka zisanu. Mainjini awiri ang'ono amene anathandiza pomangapo anachedwa Thistle ndi Shamrock.

Koma mtsinje sunaleke kucepa. Posacedwa Port Herald nayenso anayamba kusowa madzi okwanira miyezi yambiri ya caka, ndipo pofika 1915 madzi anacita kuleka kuturuka m'nyanja kulowa m'Shire, kufikira zaka za m'ma 1930. Njanji yokongola ija inakhala ngati mseu wothera pa mcenga. Phunziro lace ndi ili: oyeza anayeza phiri bwino-bwino, koma nchito yonse inatsamira pa cinthu cimodzi cimene sanathe kucilamula.

KUDUTSA M'DZIKO LA ENI

Mankhwala ace anali kutalikitsa njanji kufikira Zambezi. Kampani ina, Central Africa Railway, inayamba nchito m'caka ca 1913, ndipo pofika 1915 sitima zinali kufika pa Chindio, mailosi 61 kucokera ku Port Herald. Mbali yaikuru ya njanji imeneyi inali m'dziko la Mozambique. Pa Chindio katundu anali kulowanso m'sitima za pamadzi kunka ku Chinde. Koma Chinde linali doko losaya, losalowa zombo zazikuru, ndipo mu February 1922 namondwe analiononga koopsa.

Caka comweco ca 1922 inatsegulidwa njanji yacitatu, Trans-Zambezia Railway, ya mailosi oposa 150, yocokera pa Dondo pafupi ndi Beira kufika pa Murraça, tsidya lija la Zambezi moyang'anana ndi Chindio. Anailimbikitsa ndi Libert Oury, munthu wa malonda wocokera ku Belgium, amene anali ndi mphamvu m'Mozambique Company, kampani yolamulira dera la Beira masiku amenewo. Njanji yonseyi inali kunja kwa dziko lino, ndipo inadutsa m'thengo la anthu ocepa. Komabe Boma la Nyasaland ndilo linaima cikole: linalonjeza kuti ngati njanjiyo siipeza zokwanira, ilo lidzalipira ciongola-dzanja ca mapaundi 6 pa 100 ali onse, pa ngongole ya mapaundi 1,200,000.

Tiwerengenso. Mapaundi 6 pa 100 ali onse a 1,200,000 ndiwo mapaundi 72,000 caka ciri conse. M'zaka za m'ma 1920 msonkho wa nyumba unali masheleni 6 pa caka, ndipo paundi imodzi inali masheleni 20. Ndiye kuti lonjezo lija, likagwa lonse pa Boma, linali lolingana ndi msonkho wa nyumba 240,000. Ndipo njanjiyo siinapeze zokwanira. Zaka zambiri Boma linalipira zopereweazo. Munthu wa ku Karonga kapena ku Mzimba, amene sanaonepo utsi wa sitima, anali kuthandiza kubweza ngongole ya njanji ya m'dziko la eni. Woima cikole asamati ndangosaina cabe.

ULALO WA PA ZAMBEZI

Tsopano njanji zinali mbali zonse ziwiri za Zambezi, koma pakati panali madzi. Katundu anali kutsitsidwa m'ngolo, kukwezedwa m'mabwato okokedwa ndi sitima, ndi kukwezedwanso m'ngolo tsidya linalo. M'cilimwe mcenga unali kutseka njira, m'dzinja madzi anali kumiza madoko, ndipo fodya ndi tiyi zinali kucedwa ndi kuonongeka.

M'caka ca 1927 General Hammond, amene Boma la Britain linamtuma kudzaona bvutoli, analangiza kuti ulalo umangidwe pa Mutarara, mailosi ngati 25 kumtunda kwa Chindio, nayesa kuti udzadya mapaundi opitirira pang'ono 1,000,000. Anayembekeza kuti katundu adzacuruka kotero kuti ulalo udzalipira wokha ciongola-dzanja cace. Lamulo la ku Britain la m'caka ca 1929 lothandiza citukuko ca maiko olamulidwa linatsegula njira ya ndalama. Ndipo cimodzi ca zolinga zace cinali kupezera nchito mafakitale a zitsulo a ku Britain komweko, kumene anthu ambiri anali pa ulova. M'caka ca 1930 inakhazikitsidwa Nyasaland Railways Limited, imene inatenga njanji ziwiri za kumpoto kwa Zambezi.

Omanga anali a Cleveland Bridge and Engineering Company a ku Darlington, omwe anamanganso ulalo wa pa Victoria Falls. Nchito inatha zaka zinai, ndipo sitima zinayamba kuoloka m'caka ca 1935. Ulalo wa Dona Ana uli mapazi 12,064, ndiwo mailosi awiri ndi kota, wokhala ndi zigawo zazikuru 33, ndipo mizati yace inamizidwa mozama kwambiri m'mcenga. Pa nthawiyo panalibe ulalo wa njanji wotalika kuposa uwu m'Africa monse. Inali nchito yaluso ndithu. Koma mtengo wace unapitirira mapaundi 1,400,000, ndiye kuti pa mapaundi atatu ali onse oyesedwa panaonjezeka ngati imodzi. Ndiponso ulalo unatha pa nthawi imene malonda a dziko lonse lapansi anali atagwa, mitengo ya mbeu iri pansi. Katundu woyembekezeka uja sanabwere, ndipo njanji yonka ku malasha a ku Moatize, imene ikadathandiza, inatha m'caka ca 1949.

KUNKA KU NYANJA

Pamodzi ndi ulalo inamangidwanso njanji ya mailosi 160 yocokera ku Blantyre kunka kumpoto, imene inafika ku Salima m'caka ca 1935. Apanso phiri linalamula. Njanji inatsika ku Blantyre, nioloka Shire, nitsata cidikha ca pansi pa mapiri kudzera ku Balaka, Golomoti ndi Chipoka. Kukwera nayo ku Ntcheu, Dedza ndi Lilongwe kukadadya ndalama zoposa. Koma alimi ambiri a fodya anali kumtundako, ndipo fodya wao anayamba wayenda pa malole mailosi ambiri asanaone ngolo ya sitima. Njanji inafika ku Lilongwe m'caka ca 1979 ndi ku Mchinji m'caka ca 1980, mwa cithandizo ca dziko la Canada. Njira yochipa pomanga si nthawi zonse imene iri njira yodzera kumene kuli katundu.

KODI INAPINDULA?

Yankho lace liri pawiri. Njanji inacotsa mtengatenga pa njira ya ku doko, inaturutsa tiyi, fodya ndi thonje, inalowetsa mcere, nsaru ndi makasu, ndipo inakuza Limbe, Luchenza, Balaka ndi Salima. Koma popeza katundu anali wocepa ndi ngongole zazikuru, mitengo yonyamulira inali yokwera kuposa ya njanji za ku Rhodesia ndi East Africa. Mbeu za mtengo wapatali monga tiyi ndi fodya zinatha kulipira, koma mbeu zolemera za mtengo wocepa monga cimanga sizinapindule kwenikweni. M'caka ca 1975 katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail analemba kuti ngongole za njanji ndizo zinasaukitsa Nyasaland, popeza zinadya ndalama zimene zikadamanga masukulu, zipatala ndi miseu. Ena amayankha kuti dziko lopanda doko silikadatha kukhala lopanda njanji. Zonse ziwiri ziri ndi coonadi cace. Walira mvula walira matope.

Mabvuto awiri aja, madzi ndi malire, sanathe ai. Ulalo wa pa Chiromo unakokoloka m'caka ca 1948, namangidwa wina, ndipo m'caka ca 1997 madzi anadulanso njanji pafupi pomwepo. Akuru anati madzi saiwala khwawa. M'caka ca 1970 dziko linapeza khomo laciwiri pomanga njanji yocokera pa Nkaya kunka ku Nayuchi, yolumikiza ku doko la Nacala. Koma m'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zonse ziwiri, ndipo ulalo wa Dona Ana unaonongedwa, nukhala zaka zoposa 20 osaolotsa sitima.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO

Inu a komiti ya citukuko, mafumu ndi aphunzitsi, sungani izi pokonza nchito ya kwanu.

Yezani musanakumbe, ndipo funsani nkhalamba za m'mudzi pamene madzi anafika caka ca cigumula cacikuru. Safunsa anadya phula.

Werengani mtengo wa cinthu citafika pa malo a nchito, osati wa m'sitolo. Thumba la simenti liri ndi mtengo wina m'tauni, ndi wina likakwera phiri la kwanu.

Ikani nchito pa miyezi imene anthu sali ku minda, ndipo musalembe pa pepala anthu amene simunapangane nao.

Pa ciwerengero canu onjezanipo ndalama za zogwa mwadzidzidzi. Ngati akatswiri a ulalo wa Zambezi anaperewera ndi gawo limodzi la magawo atatu, inunso mungaperewere.

Funsani kuti nchitoyo yatsamira pa ciani cimene inu simungacilamule: mtsinje, malo a mwini wina, kapena lonjezo la munthu mmodzi.

Potsiriza, ndipo ici ndico cacikuru, musanabwereke kapena kuima cikole funsani poyera pa msonkhano kuti zikalephereka adzalipira ndani. Amene adzalipirawo akhalepo, ndipo amve ndi makutu ao.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Cifukwa ninji njanji siinadzere ku Chikwawa, pamene njira imeneyo ndiyo yaifupi?

2. Ngati sitima ikwera phazi limodzi pa mapazi 44, ifunika mailosi angati kuti ikwere mapazi 1,200?

3. Kodi kulipira kampani ndi malo m'malo mwa ndalama kunali kwanzeru? Anapindula ndani, ndipo anataya ndani?

4. Gulu lanu likabwereka ndalama zokwana 50,000 pa ciongola-dzanja ca 6 pa 100, lidzalipira zingati pa caka lisanayambe kubweza ngongole yeniyeniyo?

5. Chulani nchito imodzi ya kwanu imene inadya ndalama zoposa zimene munayesa. Cinaiwalika nciani powerenga?

Mukakambirana, lembani mayankho anu ndi kuwapereka kwa wofalitsa nkhani wa boma la kwanu. Ngati kwanu kuli agogo amene anagwirako nchito ya njanji, kapena amene anamva za nchitoyo kwa makolo ao, khalani nao pansi, mulembe zimene akumbukira, mutitumizire. Mabuku anasunga maina a makampani ndi ciwerengero ca mapaundi, koma za anthu amene anasenza dothi ziri m'mitima mwanu.